Kumatitsa dzino ndi composite pa kiliniki ina ya mu Lilongwe

Ambirife dzino likayamba kupweteka timangoganiza zokazulitsa. Kiliniki ya pulayiveti yomwe ndinapitako mu Lilongwe muno imamata mano ndi composite, mankhwala oyera ofanana ndi dzino lenileni, ndipo ndikuiyamikira pa chinthu chimodzi makamaka: saononga dzino pomwe lili bwino.

Langa linali lotafunira la m'munsi, lobooka m'mbali pomwe limagundana ndi linzake, paja pamakonda kutsakamira nyama. Atajambula X-ray, adokotala anandilozera kamthunzi kakuda pachithunzipo n'kunena kuti, "Mayi, tichotsa apa pokha, kwinaku sitikhudza." Anachitadi zomwezo. Atabaya jakisoni wa dzanzi anaboola ndi kansonga kakang'ono kongotsegulira njira, kenako zofewa zowolazo anazipala ndi kachida ka pamanja kokhala ngati kasupuni. M'mbali mwa dzenjelo anayeretsa mpaka kufika polimba, koma pansi, pafupi ndi mtsempha, anapala mosamala kwambiri. Akuti mtsempha ukangobooka ntchito imasanduka ya root canal, yochotsa mtsempha m'kati mwa dzino, yomwe ndi yodula komanso yofuna maulendo angapo.

Ndili ndi dzino lina lomwe linamatidwa kalekale ndi amalgam, zotuwa zija, ndiye kusiyana kwake ndimakuona pagalasi. Amalgam samamatirira ku dzino, amangokhala m'dzenje, choncho ankasema ndi mbali yabwinobwino kuti apeze pogwira. Composite amagwira ndi guluu wake, dzenje likhale laling'ono bwanji. Amalgam alinso ndi mercury, chitsulo chapoizoni, pafupifupi theka, n'chifukwa chake pangano la Minamata la 2013 linauza maiko kuti achepetse kumugwiritsa ntchito.

Chomwe sindinaonepo kwina ndi kansalu ka mphira komwe amati rubber dam. Amakaboola kabowo, dzino lodwalalo ndi loyandikana nalo n'kutulukira pamwamba, lilime ndi malovu zonse n'kutsala kunsi. Poyamba kamasowetsa mtendere, umafuna kumeza malovu pafupipafupi, koma pakapita kanthawi umazolowera, ndipo madzi a makina sakufika kukhosi. Ndinafunsa kuti, "Adokotala, zonsezi n'zofunika?" Anati composite amadana ndi chinyezi. Zili ngati chigamba cha tyubu ya njinga: ukamata ponyowa, chimamatuka usanafike patali. Ine ndikuti kansalu kameneka ndiko kamasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongothamangira.

Popeza khoma la m'mbali linali litadyeka, anaika kachitsulo kopyapyala kopindika pakati pa mano awiriwo, n'kukhomerapo kamphero kakang'ono m'munsi pafupi ndi nkhama, pamwamba n'kupanira ndi kamphete. Izi zimathandiza kuti khoma latsopano litukuke ngati la dzino lachilengedwe ndipo ligundane bwino ndi linzake. Kenako anapaka asidi wa buluu kwa masekondi ochepa, kutsuka, kupaka guluu, kuwalitsa ndi tochi ya kuwala kwa buluu komwe kumaumitsa mankhwalawa. Composite sanamuthire kamodzi ayi. Ankaika pang'ono, osapitirira mamilimita 2, kuumba, kuwalitsa masekondi 20, n'kuonjezeranso. Chifukwa chake n'chakuti kuwalako sikulowa patali, komanso mankhwalawa amanyala pang'ono akamauma, ndiye ukaika ochuluka nthawi imodzi amasiya kampata m'mbali.

Pomaliza anandilumitsa kapepala kosiya utoto pomwe patumphuka, anapala pamenepo n'kusalaza. Ulusi wotsukira pakati pa mano unalowa movutikira pang'ono n'kumveka "ta", chizindikiro chakuti mano agundana bwino. Nyama sikutsakamiranso.

Zondidandaulitsa zilipo. Ntchitoyi ndi yotenga nthawi, ndipo nsagwada zinatopa ndi kuyasamula. Dzinolo linkapweteka pang'ono ndikamwa madzi ozizira kwa masiku angapo, ngakhale anandichenjezeratu ndipo zinatha zokha. Chachikulu ndi mtengo. Ndi wokwera kuposa kuzula, zomwe ndikumvetsa, koma a pa risepushoni anangotchula wa kumata okha, wa X-ray ndinaumva polipira. Munthu wobwera ndi ndalama zowerengeratu angachite manyazi pamenepo, ndiye mukapita funsani mtengo wonse musanakhale pampando.

Si dzino lililonse lomwe adokotalawo amamata ndi composite. Ananena poyera kuti bowo likalowa kunsi kwa nkhama, komwe sangathe kuumitsa, amasankha mankhwala ena omatira otchedwa glass ionomer, omwe amapirira chinyezi ngakhale sali olimba mofanana potafunira.