Kufunsa Asodzi Kapena Kudalira Makina?

Kodi nyama yomwe ikuganiziridwa kuti inatha tingaipeze bwanji? Nsomba ya coelacanth itagwidwa pafupi ndi mzinda wa East London ku South Africa mu 1938, asayansi ankaganiza kuti inatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Pofuna kupeza yachiwiri, katswiri wa nsomba J.L.B. Smith anamwaza timapepala m'magombe, kulonjeza mapaundi 100. Msodzi wa ku Comoros anaivuula mu 1952, ndipo kumeneko ankaidziwa kale, ankaitcha gombessa. Njira yofunsa eni dera ndi yotchipa, ndipo ineyo ndimaikonda chifukwa imalemekeza nzeru za alenje ndi asodzi. Vuto lake n'lakuti maso amanama: munthu akhoza kulumbira kuti anaona nyama yomwe kulibe.

Makina samanama choncho. Kamera yotchera m'thengo imajambula usana ndi usiku, ndipo kuyeza DNA, zizindikiro za chibadwa zomwe nyama imasiya m'nthaka, kumagwira ngakhale nyama yosaoneka. Ndi mmene akatswiri anatsimikizira mu 2023 kuti De Winton's golden mole, kanyama kofukula mumchenga ngati mfuko, kakadalipo ku Port Nolloth, ku South Africa, patatha zaka zoposa 80. Koma njirazi zimadya ndalama, ndipo kamera sidziwa poikidwa. Pachilumba cha Fergusson ku Papua New Guinea mu 2022, mlenje ndiye analoza pomwe kamera inajambulira njiwa yomwe asayansi anaitaya kuyambira 1882.