Masiku Awiri ku Mangochi: Pa Boma Kapena ku Chembe?

Ngati muli ndi Loweruka ndi Lamulungu lokha, sankhani kumodzi, pa boma kapena ku Chembe, ku Cape Maclear.

Ine mtima wanga uli pa boma. Kwerani kabaza m'mamawa muziyang'ana makoma a mashopu. Pometera tsitsi ajambulapo mitu ya mametedwe osiyanasiyana, pa butchala mbuzi yonona, pa lesitilanti chambo chachikulu kuposa chitseko. Mukafika pa chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, tsikani muone Shire akuyenda mwakachetechete kulowera ku Malombe. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, yomwe inamenya nawo nkhondo ya 1914. Kenako tiyi wamkaka ndi mandazi otentha m'tiyirumu, masana nsima ya chambo chootcha, thumba osapweteka.

Ku Chembe mumamwa khofi mapazi ali mumchenga, maso ali pa chilumba cha Thumbi, usipa ukuuma pathandala chapafupi. Kukongola kwake sindingatsutse. Koma zithunzi zapansalu ndi ziboliboli amazitchula mtengo wa alendo akunja, ndipo ulendo wodzera msewu wa Monkey Bay umakudyerani maola angapo kupita ndi kubwera.