Kamera yonyamula tsiku lililonse: Ricoh GR III, Fujifilm X100VI kapena Sony RX100 VII?

Makamera atatu amene amatchulidwa kawirikawiri munthu akamafuna kamera yaing'ono yoyenda nayo paliponse ndi Ricoh GR III, Fujifilm X100VI ndi Sony RX100 VII. Onsewa amati ndi a m'thumba, koma mukawaika pa sikelo mumaona kuti dzinali siliwayenera mofanana. Ricoh imalemera magalamu 257 batire ndi khadi losungira zithunzi zili momwemo, Sony magalamu 302, pamene Fujifilm imafika magalamu 521, kuwirikiza kawiri kulemera kwa Ricoh. Kunenepa kwake nakonso n'kosiyana: mamilimita 33 kwa Ricoh, pafupifupi 43 kwa Sony ndi 55 kwa Fujifilm. Ine ndimayambira pa manambala amenewa, chifukwa kamera imene imafuna chikwama chakechake imayamba kutsalira kunyumba sabata zoyamba za chisangalalo zikangotha, ndipo mwiniwake amabwerera kujambula ndi foni monga kale.

Ricoh GR III inatuluka mu 2019, ndipo chodabwitsa chake n'chakuti m'kathupi kakang'onoko anaikamo sensa (kachipangizo kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) yaikulu ya mtundu wa APS-C, ya mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, yokhala ndi mamegapikiseli 24. Lenzi yake ndi imodzi yosachotseka ndiponso yosakokera zinthu pafupi. Imaona motambasuka ngati lenzi ya 28mm (nambalayi ikakula, lenzi imaona malo ochepa koma mokokera pafupi), choncho mukafuna kuti nkhope idzaze chithunzi, muyenera kusendera ndi miyendo yanu. Amene amaona kuti kutambasuka kumeneku kwanyanya angasankhe mng'ono wake, GR IIIx wa mu 2021, amene amaona ngati 40mm ndipo sapotoza nkhope ya munthu woima pafupi.

Chimene chimandikopa kwambiri pa Ricoh ndi njira imene amaitcha snap focus. Mumauziratu kamera mtunda, tinene mamita 2, ndiye mukadinikiza batani mpaka pansi nthawi imodzi, imajambula pomwepo osataya nthawi kufufuza chinthucho. Taganizirani mwana akuthamanga kudutsa pakhomo: dzanja lalowa m'thumba, chala chayatsa kamera isanafike n'komwe pachifuwa, ndipo chithunzi chatengedwa mwanayo asanakhote. Zonsezi zimachitika ndi dzanja limodzi. Komabe kuchepako kuli ndi mtengo wake. Ilibe kagalasi koikapo diso, motero dzuwa likaswa mtengo mumavutika kuona sikirini, ilibe fulashi, batire yake imajambula zithunzi pafupifupi 200 zokha, kotero batire yachiwiri ndi yofunika kuigulira limodzi. Siotetezedwanso ku mvula kapena fumbi, ndipo popeza lenzi imatuluka ndi kubwerera nthawi iliyonse mukaiyatsa ndi kuizimitsa, kafumbi kakhoza kulowa n'kukaoneka ngati kadontho kotuwa pa zithunzi za thambo. Kathumba kansalu koisungiramo kamachepetsa vutoli.

Fujifilm X100VI, ya mu 2024, ndi mdzukulu wa X100 yoyamba ya mu 2011, ndipo kunena zoona ndiyo yokoma kwambiri kujambulira pa zitatuzi. Ili ndi sensa ya APS-C ya mamegapikiseli 40, lenzi ya f/2 (nambala ya f ikachepa, lenzi imalowetsa kuwala kochuluka) yoona ngati 35mm, fulashi, komanso makina ochepetsa kugwedera kwa manja, amene X100V ya mu 2020 inalibe. Kagalasi kake koikapo diso kali pawiri: mukhoza kuyang'ana kudzera m'galasi lenileni, kapena kukankha kachitsulo ka kutsogolo kuti muone chithunzi monga mmene sensa ikuchionera. Liwiro la shata, kachitseko kotseguka ndi kutseka pojambula, lili pa gudumu lapamwamba, kukula kwa khomo lolowera kuwala kuli pa mphete ya lenzi, choncho wophunzira amamvetsa msanga zimene akuchita chifukwa akuzigwira ndi zala. Mitundu yake yotsanzira mafilimu akale a kampaniyi imachititsa kuti ambiri asavutikenso kukonza zithunzi pa kompyuta. Vuto n'lakuti m'thumba la thalauza siilowa. Imakhala pakhosi kapena m'thumba la jekete, ndipo mukaiwonjezera mphete ndi galasi lotchinga kutsogolo, zimene zimafunika kuti itetezeke ku mvula, imanenepa kuposa apo. Mamegapikiseli 40 amathandiza podula chithunzi, koma amadzazanso khadi mofulumira, ndipo pa zithunzi zongoonera pa foni phindu lake silioneka kwenikweni.

Sony RX100 VII, nayonso ya mu 2019, inasankha njira ina. Sensa yake, imene amaitcha ya inchi imodzi, ndi ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, kutanthauza kuti ya APS-C imaiposa kukula katatu. Pobwezera, ili ndi lenzi yokoka kuyambira 24mm mpaka 200mm, ndipo apa ndi pamene imaposera foni moonekeratu: mbalame pa nthambi, wosewera mpira kutsidya la bwalo, nkhope ya munthu amene simukufuna kumusokoneza. Imatsatira diso la munthu woyenda mwaluso kuposa Ricoh, ili ndi kagalasi koikapo diso kotulukira m'mwamba, komanso polumikizira maikolofoni kwa ojambula vidiyo. Koma lenziyo imayambira pa f/2.8 n'kufika pa f/4.5 mukaikoka, ndiye madzulo m'nyumba, kuwala kochepa kukakumana ndi sensa yaing'ono, zithunzi zimachita timadontho ngati mchenga. Mabatani ake ndi ang'onoang'ono ndipo thupi lake n'loterera m'manja. Wojambula m'nyumba kawirikawiri angapindule kwambiri ndi Canon PowerShot G7 X Mark III, ya sensa yofanana kukula, imene imalekezera pa 100mm koma lenzi yake imalowetsa kuwala kochuluka, kuyambira f/1.8 mpaka f/2.8.

Njira yodalirika yosankhira ndi kutsegula zithunzi za m'foni mwanu za miyezi itatu yapitayi. Ngati zambiri munazijambula mutakokera pafupi ndipo zinatuluka zosalongosoka, Sony ndiyo ikuyankha vuto lanu. Ngati mumatuluka mwadala kukajambula ndipo lamba pakhosi sakuvutani, tengani Fujifilm ndipo simudzanong'oneza bondo. Koma ngati zithunzi zanu n'za anthu a pakhomo, misewu imene mumadutsa popita kuntchito ndi zochitika zadzidzidzi zapafupi, ine ndingasankhe Ricoh, makamaka GR IIIx, pamodzi ndi batire yachiwiri m'thumba linalo.