Kauntala ya kukhitchini: postform, granite, quartz kapena konkire ya matailosi?

Amene mukukonzanso khitchini, nkhani ya pamwamba pa makabati ija musaisiyire kalipentala yekha, chifukwa ambiri amangokuuzani chimene anazolowera kuika basi. Zimene zimapha kauntala kwathu kuno ndi ziwiri, mphika wotentha ndi madzi a pa sinki. Mphika wa nsima ukachoka pamoto palibe amene amakhala ndi nthawi yofunafuna kathabwa koikapo, umangotera pomwe pali malo, ndiye magetsi akazima kasitovu ka gasi kamakweranso pomwepo. Ine ndimayesa zonse ndi ziwirizi.

Postform ndi chipboard, thabwa la utuchi womata, yokutidwa ndi chikhungu cholimba cha laminate, ija ambiri timangoti Formica. Ndi yotchipa kuposa zonse, yopepuka, kalipentala aliyense amadula ndi sowo tsiku lomwelo ntchito yatha, ndipo ili yatsopano mukaiona patali mukhoza kuganiza kuti ndi mwala. Vuto limayambira pomwe anaboola kuti alowetse sinki. Madzi akangopeza polowera chipboard ija imafufuma ngati chitumbuwa m'mafuta ndipo siibwereranso, m'mphepete mumayamba kunyotsoka, mphemvu nkupezamo nyumba. Mphika wotentha umasiyanso chizindikiro chozungulira chosachoka. Ngati ndalama ikungokwana imeneyi, imani pomwepo pamene akudula muonetsetse kuti m'mbali mwa bowo apakamo silikoni kapena vanishi asanaike sinki, osati kungomata pamwamba pokha.

Mpikisano weniweni uli pa granite ndi quartz, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka chifukwa zonse amangoti mwala.

Granite ndi mwala weniweni wokumba pansi. Wakuda bii uja wambiri umachokera ku Mutoko ku Zimbabwe, wina wotuwirako wa timadontho ndi wa ku Rustenburg ku South Africa. Mphika wochoka pamoto sautekesa, mpeni suukanda, m'malo mwake mpeniwo ndi umene umabuntha. Koma uli ndi timabowo tosaoneka, makamaka granite ya mtundu woyererako, ndiye mafuta ophikira akakhalapo usiku wonse amalowa nkusiya banga. Pamafunika kupaka sealer, mankhwala otseka timabowoto, nthawi ndi nthawi, ndipo kudziwa kwake nkosavuta, dontheza madzi pang'ono udikire mphindi zingapo, pakada ndiye kuti mwala ukumwa, nthawi yopakanso yakwana. Wakudayo samwa kwambiri koma amaonetsa madontho oyera a madzi, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito madzi a pa mjigo. Chinanso ndi kulemera. Wokhuthala 30mm sikweya mita imodzi imafika cha m'ma 80kg, ndiye makabati opepera a misomali iwiri iwiri aja sangaunyamule.

Quartz ndi yopanga kufakitale, miyala yogaya pafupifupi 90 peresenti yosakaniza ndi resin, chomatira chonga pulasitiki, Caesarstone ndi imodzi mwa mayina odziwika. Ubwino wake siimwa chilichonse, tomato, kale, tiyi, mumangopukuta basi, sealer safunika, ndipo ngati mukufuna khitchini yoyera mbee ya pa Instagram ija ndi imeneyi. Koma resin ija imaopa moto. Kuika mphika wa nsima pamenepo pamatha kupsa nkusanduka pachikasu kapena kung'aluka kumene, ndipo kukonza kwake nkovuta. Dzuwa lolowa pa windo tsiku ndi tsiku limaisinthanso mtundu, ndiye kukhitchini ya panja musayese nkomwe. Kawirikawiri mtengo wake umaposa wa granite wamba. Kwa munthu amene amaphika yekha ndipo amasamala ili bhobho, koma nyumba ya ana, achibale ndi antchito, aliyense akuphika nthawi yake, ine sindingaike ndalama zanga pamenepo.

Palinso nkhani ya fumbi. Ku Australia analetsa mwala wopangawu kuyambira pa 1 July 2024 chifukwa amisiri odula anadwala matenda a m'mapapo a silicosis. Ukaikidwa kale suvulaza wophika ayi, choopsa ndi fumbi la podula. Ndiye mnyamata akabwera ndi gulayinda kudzadula pouma m'nyumba mwanu, kaya ndi quartz kaya granite, muuzeni adulire panja ndi madzi ndipo avale chotchinga pamphuno.

Marble sindichedwapo. Ndi wokongola inde koma ndi wofewa, ndimu, viniga ngakhale tomato zimadya kuwala kwake. Kubafa mwina.

Ndiye pali konkire ya matailosi imene nyumba zambiri kuno zili nayo, ndipo anthu amainyoza koma ine ndimailemekeza. Bilidala amamanga timakoma ta njerwa, kuthira silabu ya simenti ndi zitsulo, pamwamba matailosi. Madzi saiopseza, chiswe sichidya, moto suinena kanthu, ndipo zipangizo zake zimapezeka mu hadiweya iliyonse. Chimene chimaipitsa ndi mizere ya grout, kasimenti ka pakati pa matailosi kaja, imada, mafuta ndi ufa zimakakamiramo mpaka kumakwecha ndi mswachi. Mankhwala ake gulani matailosi a porcelain a 60 by 60, popeza kauntala nayo imakhala 60cm m'lifupi mizere imachepa kwambiri, ndipo grout ikhale yakuda kapena yotuwa osati yoyera. M'mphepete aikemo kachitsulo ka aluminiyamu apo ayi ngodya zimabenthuka mukangogunda ndi poto. Kutalika kwake kukhale cha m'ma 90cm kuyeza kuchokera pamwamba pa matailosi apansi, mabilidala ena amayeza pansi pasanaikidwe matailosi ndiye kauntala imatuluka yaifupi msana kumawawa potsuka mbale. Ndipo ganizani bwino musanathire, chifukwa mukadzafuna kusuntha sinki mawa ndi nyundo basi.

Ndiye ine ndimati nyumba yanu yanu ndipo ndalama ilipo, granite yakuda. Ndalama yochepa kapena nyumba yoika alendi, konkire ndi porcelain. Njira ina ndi kusakaniza, pitani kwa amene amasema ziliza za granite, ambiri amapanganso makauntala ndipo amakhala ndi zidutswa zotsala zotsikirako mtengo, muike chidutswa pa sinki china pambali pa sitovu, mbali youma ya ketulo ndi buledi ikhale postform. Ingofunsani makulidwe a zonse ziwiri musanagule kuti pokumana pake pasakhale sitepe.