Kusindikiza buku ndi kulikhazikitsa pamalo amodzi: ntchito ya timakampani ta mu Blantyre ikufika pati?

M'tauni ya Blantyre ndi ku Limbe mwachuluka timakampani tosindikiza tomwe timauza mlembi kuti angobweretsa zolemba zake pa flash, zotsala zonse tichita tokha: kuyala masamba, kukonza chikuto, kusindikiza, kupeza holo, mipando, chimkuzamawu ndi wotsogolera mwambo wokhazikitsa bukulo. Mphunzitsi wopuma ntchito, m'busa kapena mlakatuli wachinyamata amene sakufuna kudikira pamzere wa osindikiza odziwika monga Dzuka ndi CLAIM amaona ngati wapeza njira yachidule. Ndi yachiduledi, ndipo ambiri amagwira ntchito mwachangu. Koma amasamala kwambiri mmene buku lidzaonekere pa chithunzi cha pa Facebook kusiyana ndi mmene lidzawerengekere m'manja mwa agogo ndi mdzukulu wawo.

Zabwino zilipo. Makina awo a digital amalola kusindikiza mabuku 100 kapena 200 okha, choncho mlembi samangirira ndalama zake m'makatoni odzaza chipinda. Buku la A5 (148 x 210 mm), pepala la 80gsm m'kati (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), chikuto cha 300gsm chomatidwa pulasitiki, amalitulutsa looneka bwino. Mtengo wokha ndiwo sukhazikika. Pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene akuuzani lero sudikira mwezi wamawa. Aulembe papepala, mupereke gawo la ndalama, pepala ligulidwe sabata yomweyo.

Vuto lalikulu lili pa zilembo. Pofuna kuchepetsa masamba kuti mtengo uoneke wotsika, amapanikiza nkhani pa zilembo za 10pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo), mizere yothinana, mpata wa m'mbali wochepa. Wa Fomu 3 awerenga bwinobwino. Munthu wa zaka 65, wa magalasi amene anayezetsa kalekale, akuwerenga madzulo pa babu limodzi kapena tochi ya sola, afika tsamba lachitatu n'kuliika pansi, ndipotu iyeyo ndi amene amagula mabuku awiri atatu n'kugawira ana. Pemphani zilembo za 12pt, mpata wa mizere wa 15pt, ndi mamilimita 20 kumbali ya kumsana kuti mawu asamire m'guluu. Masamba achuluka, mtengo ukwerako. Musanavomere, asindikize tsamba limodzi pa saizi yeniyeni, mulipereke kwa munthu wachikulire ndi kwa mwana wa sekondale, aliyense awerenge mokweza.

Nthawi zambiri simupezamo wokonza Chichewa, ngakhale angalembe pa lisiti kuti ntchitoyo ilipo. Woyala masamba amadziwa kompyuta, koma kompyutayo imadula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingelezi. Zotsatira zake mawu a Chichewa amaduka pamalo olakwika. Muuzeni azimitse kudula mawuko (hyphenation) m'buku lonse. Chilembo cha ŵ chimasanduka kabokosi ngati mtundu wa zilembo (font) sunalowetsedwe mu PDF. Achinyamata ozolowera kalembedwe ka pa WhatsApp angazipyole izi osadandaula, koma amene anaphunzira m'nthawi ya Chichewa Board, isanalowedwe m'malo ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba mu 1996, amaona cholakwika chilichonse ndipo amakamba. Pezani mphunzitsi wa Chichewa, mumulipire, awerenge papepala ndi cholembera chofiira, osati pa foni.

Kumata nako n'kosadalirika. Ambiri amamata msana ndi guluu wotentha. Buku la masamba 200 pa 80gsm limakhala ndi msana wa pafupifupi mamilimita 10, ndipo guluu akachepa kapena msana ukapanda kukandidwa asanamate, masamba apakati amayamba kuthothoka. Likakhala m'galimoto padzuwa la Okutobala guluu amafewa. Apa m'pamene pali chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, chifukwa buku la kuno siliwerengedwa ndi munthu mmodzi. Limachoka kwa bambo kupita kwa mwana, kwa anansi, kumpingo, kusukulu. Tengani buku lachitsanzo, mulitambasule pa tebulo, mugwire tsamba limodzi lapakati n'kulikweza. Likasuntha, kanani. Kabuku ka ndakatulo ka masamba 48 kapena kuchepera apo kamalimba bwino ndi mawaya a stepula, bola masamba agawike ndi 4. Buku lalikulu, funsani ngati amasoka ndi ulusi, ngakhale pa mabuku opita ku malaibulale okha.

Za ISBN ena sazitchula n'komwe. Nambala ya manambala 13 imeneyi, yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko. Za umwini ndi ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso. Mugwirizane ndi osindikiza, polemba, kuti PDF yomaliza ndi yanu ndipo sadzaipereka kwa wina. Ikangolowa m'gulu limodzi la WhatsApp, malonda atha.

Tsiku la mwambo, zokongoletsa amazitha: nsalu, chibanala cha nkhope ya mlembi, keke, wojambula. Chimene amalephera ndi kukonza nthawi. Amakonda Lachisanu madzulo pa hotelo, pamene wachikulire wa ku Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri sangayerekeze kubwerera pa minibasi usiku, ndipo wophunzira amachita mantha ndi chipata cha hoteloyo. Loweruka masana, kuyamba 2 koloko n'kutha 4:30, kumasonkhanitsa mibadwo yonse, kupatula ngati owerenga anu ambiri ndi a Seventh Day, pamenepo sankhani Lamulungu masana. Holo ya mpingo kapena ya sukulu yoyandikira siteji ya minibasi imaposa malo odula. Malo azaluso ngati Jacaranda Cultural Centre ali ndi ubwino woti anthu okonda zolemba amawadziwa kale. Jenereta yokhala ndi mafuta ilembedwe m'pangano.

Ndondomeko yawo imadyedwa ndi zoyankhula komanso kugulitsa buku loyamba mopikisana. Mlendo wolemekezeka atchula ndalama zambiri, anzake awonjezera, MC akokera ola lathunthu, ndipo zambiri mwa ndalamazo ndi malonjezo omwe mlembi adzawalondola miyezi. Nthawi yonseyi mtsikana amene wabwera ndi ndalama ya buku limodzi wangokhala kumbuyo, kenako n'kutuluka asanagule. Ikani tebulo pakhomo, logulitsa pamtengo wamba kuyambira mwambo usanayambe, nambala za Airtel Money ndi Mpamba zitalembedwa zikuluzikulu, ndalama zobweza zili pafupi. Mpikisano usapyole mphindi 20, ndipo wina azilemba dzina, ndalama ndi nambala ya foni ya wolonjeza aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti pa miyambo yambiri yotere buku lenilenilo siliwerengedwa. Umirirani ndime ziwiri za mphindi zisanu iliyonse, ina awerenge wachikulire, ina wachinyamata, onse atayeserera pa maikolofoni anthu asanafike. Kenako mafunso, ndipo MC ayambire kumbuyo komwe kwakhala ana asukulu, chifukwa pamaso pa akuluakulu sakweza dzanja okha. DJ auzidwe kutsitsa nyimbo pa nthawi yosaina, poti ndi mphindi yokhayo imene wowerenga amayankhula ndi mlembi.

Kulengeza kwawo kumathera pa chithunzi cha pa Facebook ndi status ya WhatsApp. Akuluakulu amamva pa wailesi, pa zolengeza za kutchalitchi ndi kumzikiti, kapena polandira khadi pamanja. Mbali imeneyi muichite nokha, masabata awiri mwambo usanafike.

Mabuku afike m'manja mwanu patatsala masiku atatu kapena kuposa. Ena amamata usiku wa dzulo lake n'kubwera nawo ku holo guluu asanagwire, zikuto zikupindika. Tsegulani katoni iliyonse, muwerenge kuchuluka kwake, mutenge mabuku angapo apakati n'kuona ngati masamba akutsatana, ndipo ndalama yotsala muipereke mukamaliza zimenezi.