Barcelona musanakwere sitima yapamadzi: ulendo wa kampani, basi ya alendo, kapena kuyenda nokha?

Anzathu angapo okhala ku Britain akhala akundifunsa funso limodzimodzi, loti munthu akafika ku Barcelona, mzinda wa padoko wa ku Spain, kutatsala tsiku limodzi kuti sitima yapamadzi inyamuke, angauone bwanji mzindawu osawononga ndalama ndi nthawi. Njira zimene anthu ambiri amasankhapo zilipo zitatu: kugula ulendo umene kampani ya sitimayo imagulitsa pamodzi ndi tikiti, kukwera basi ya alendo yosanjikizana yopanda denga ija, imene mumakwera ndi kutsika pa masiteji ake mmene mungafunire, kapena kuyenda wapansi n'kumakwera metro (sitima yoyenda pansi pa nthaka) pamene mtunda watalika. Ndinene poyambirira kuti njira yoyambayo ndili nayo chakukhosi, choncho muwerenge mukudziwa zimenezo.

Ubwino wa ulendo wa kampani ndi weniweni ndipo sindiukana. Amakutengani ku hotela, masutikesi amalowa m'basi momwemo, ndipo pomaliza amakutulani pakhomo penipeni pokwerera sitima. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa sitima zikuluzikulu zimakocheza ku Moll Adossat, kutali ndithu ndi pakati pa mzinda, ndipo pamafunika kuwoloka mlatho wautali umene munthu wanzeru sangauyende wapansi akukoka katundu dzuwa likuswa mtengo.

Vuto lili pa zimene amalonjeza. Pa ndondomeko ya ulendo umene ndinagula panalembedwa dzina la tchalitchi chotchuka cha Sagrada Família m'zilembo zikuluzikulu, ndipo aliyense woliwerenga akanaganiza kuti akalowa m'tchalitchimo. Titafika, wotiperekeza anatiimika tsidya lina la msewu, pafupi ndi kadziwe kamene anthu amajambulirapo zithunzi, n'kutifotokozera kuti ntchito yomanga inayamba mu 1882, kuti katswiri wojambula mapulani a nyumba Antoni Gaudí anailandira chaka chotsatira, ndiponso kuti anaikidwa m'manda pansi pa tchalitchi chomwecho atagundidwa ndi tramu (kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni) mu 1926. Mayi wina atafunsa kuti tilowa nthawi yanji, yankho linali lakuti mtengo umene tinalipira unali woonera kunja kokha, ndipo zimenezi zinalembedwa m'munsi mwa pepala m'tizilembo ting'onoting'ono. Matikiti olowera amagulidwa pa intaneti, lililonse ndi ola lake, ndipo a tsiku limenelo anali atatha kalekale. Ngakhale amene anali okonzeka kuwonjezera ndalama sanathe kuchita kanthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kukongola kwenikweni kwa tchalitchichi kuli m'kati. Zipilala zake zimagawika nthambi m'mwamba ngati mitengo, ndipo magalasi a mbali ya kum'mawa amalowetsa kuwala kobiriwira ndi kwabuluu pamene a kumadzulo amalowetsa kofiira ndi kwachikasu, moti nyumbayo imasintha maonekedwe dzuwa likamapendeka. Kumuimika munthu panja pa malo otere, atalipira ndalama zambiri kuposa za njira zina ziwirizi, kuli ngati kumuitanira ku ukwati n'kumusiya pageti akununkhiza ndiwo. Chowonjezera mkwiyo n'chakuti nthawi imene inasowa pa tchalitchi inapezeka yochuluka pa sitolo ina yogulitsa tizikumbutso, kumene tinakhala mpaka ena anayamba kuwodzera m'basi. Mukasankha njira imeneyi, funsani musanalipire ngati malo aliwonse otchulidwa ndi olowa kapena ongodutsa, ndipo yankholo akupatseni cholemba.

Basi ya alendo nayonso siphatikiza matikiti olowera, koma sinamiza munthu kuti imatero. Imathandiza pa malo otalikirana, monga phiri la Montjuïc kumene kunachitikira mbali yaikulu ya masewera a Olimpiki a 1992 ndiponso kumene doko lonse limaonekera bwino, msewu wa Passeig de Gràcia kumene kuli nyumba za Gaudí zotchedwa Casa Batlló ndi La Pedrera, komanso dera la Park Güell, ngakhale kuti pamenepo mumatsikira m'munsi n'kukwera chitunda wapansi, ndipo pakiyo ili ndi mtengo wakewake. Basiyi imazungulira mbali imodzi yokha, choncho mukapitirira malo muyenera kudikira kuti izungulirenso, ndipo nyengo yotentha mizere ya pa masiteji otchuka imatalika. Chilema chake chachikulu kwa munthu wofuna mbiri ya mzinda wa padoko n'chakuti singalowe mu Barri Gòtic, dera lakale la mzindawu, chifukwa tinjira ta kumeneko n'topanikizika. Mumangodutsa m'mphepete mwa chinthu chimene munabwera kudzaona.

N'chifukwa chake ine ndimaikira kumbuyo njira yachitatu. Gulani nokha tikiti ya Sagrada Família masabata angapo ulendo usanafike, musankhe ola la m'mawa, ndipo mukwere metro ya L2 kapena L5 imene imaima pomwepo. Mukatuluka, tsiku lonse lotsala liperekeni ku mzinda wakale, umene ngwaung'ono moti miyendo imakwanira. Mu kanjira ka Carrer del Paradís, m'kati mwa bwalo la nyumba imene mungaidutse osaizindikira, muli zipilala zinayi za kachisi wa Augustus, zotsala za mzinda wa Aroma wotchedwa Barcino. Chapafupi pomwepo pali tchalitchi chachikulu cha mzindawu, chimene m'bwalo lake amawetamo atsekwe oyera 13, chiwerengero chokumbutsa zaka zimene Eulàlia woyera anali nazo pamene anaphedwa. Mumawamva akulira musanawaone.

Malo amene ndimauza aliyense wokakwera sitima kuti asawaphonye ndi Santa Maria del Mar, tchalitchi chimene chinamangidwa kuyambira 1329 mpaka 1383 ndi anthu a m'dera la kudoko. Amtengatenga amene ankatsitsa katundu m'zombo ndiwo ankasenza miyala kuchokera ku Montjuïc, ndipo pa chitseko chachikulu pali tizifaniziro ta amuna owerama atasenza mitolo pamsana. Kuchokera pamenepo mukhoza kutsetsereka m'mbali mwa nyanja mpaka pa chipilala cha Columbus cha 1888, kumapeto kwa msewu wotchuka wa La Rambla, ndipo pafupi nacho pali Drassanes, nyumba zakale zokhomeramo zombo zimene tsopano ndi malo osungiramo mbiri ya zapanyanja. Basi ya kampani inadutsa pamenepa osaima, chonsecho ndi pamene pakanamuthandiza munthu kumvetsa doko limene akunyamukirapo.

Njira imeneyi ili ndi misampha yake. Tikiti ya metro ya maulendo 10 yotchedwa T-casual ndi ya munthu mmodzi, ndipo sigwira ntchito pa siteshoni ya metro ya ku bwalo la ndege, pamene khadi loyendera la alendo lotchedwa Hola Barcelona limagwira. Opisa m'matumba ngochuluka pa La Rambla ndi m'metro, choncho pasipoti yokhala ndi viza yanu ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya) isakhale m'thumba la kumbuyo, poti ikatayika sitima idzanyamuka inu muli ku polisi. Msika wa La Boqueria sutsegula Lamlungu. Za chakudya sindinenapo zambiri, kupatula kuti mukatalikirako pang'ono ndi La Rambla mitengo imatsika.

Nkhani ya katundu, imene kampani imapambanira, njosavuta kuithetsa. Mahotela ambiri amasunga masutikesi mukatuluka m'chipinda, ndipo nthawi yokwera ikayandikira mumangowatenga n'kukwera takisi mpaka ku Moll Adossat, kapena basi ya kudoko imene imanyamukira chapafupi ndi chipilala cha Columbus. Chofunika n'kuonetsetsa ola limene khomo lokwerera limatsekedwa, chifukwa limatsekedwa nthawi yoti sitima inyamuke isanakwane, ndipo muyenera kudziwa dzina la malo okwerera anu popeza alipo angapo pa doko lomwelo.

Amene ndingawalole kugula ulendo wa kampani ndi okhawo oyenda ndi makolo okalamba kapena munthu wovutika kuyenda, ndipo ngakhale iwowo akagule tikiti ya Sagrada Família paokha, alowe dzulo lake. Basi ya alendo ndingaisiyire amene ali ndi tsiku lachiwiri loti akaonere Montjuïc ndi Park Güell.