Kupolisi anatilandira bwino, koma chipepeso ndi nkhani ina

Mlamu wanga wa kabaza atakhapidwa ndi zikwanje pamsewu wa ku Tsangano, achiwembu n'kuthawa ndi njinga yake yamoto, ine ndi amene ndinamuperekeza ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Mayi wapolisi amene tinawapeza ndikuwayamikira. Anatipatsa mpando, anamvetsera mlamuyo mpaka kumapeto osamudula pakamwa, ngakhale ankayankhula movutika chifukwa cha bala la pachibwano. Anatipatsa kalata yopita nayo kuchipatala, n'kutitsina khutu kuti lipoti la dokotala tisalitaye poti ndi umboni kukhoti. Sanatipemphe ngakhale ya fanta.

Za chipepeso sanatinamize: ofesiyo sipereka ndalama. Khoti ndi limene lingalamule wolakwa kuti alipire. Nanga wolakwayo akapanda kugwidwa? Kapena akagwidwa, koma alibe ngakhale nkhuku? Apa m'pamene mtima umandiwawa. Dzanja la mlamu wanga silipindikanso bwino, ngongole ya njingayo ikadalipo, ana akufuna fizi. Ine ndikuona kuti boma liyenera kukhala ndi thumba la ndalama lopepesera anthu otere.

Mukamapita kumeneko, tengani chiphaso chaunzika, ndipo malisiti a mankhwala muziwasunga onse.